Mwana Akamwetsedwa Mowa Mosadziwa, Mlandu Ngwa Yani?

[KANYIMBO KOTSEGULIRA]

WOULUTSA: Lero tikambirana nkhani imene mabanja ambiri amaikwirira msanga chifukwa cha manyazi, nkhani ya mwana wamng'ono amene wamwetsedwa kapena kudyetsedwa chinthu cha mowa, womupatsayo akuganiza kuti ndi thobwa, madzi kapena maswiti wamba. Zikatere, aliyense amene adagwirako chikho chija amayankha mofanana: "Inetu sindimadziwa." Kawirikawiri amakhala akunena zoona. Mfundo imene ndikufuna tiiunike pamodzi ndi yakuti kusadziwa kumachepetsa chilango koma sikuchotsa udindo, ndipo udindo waukulu umagwera munthu amene akadatha kudziwa mosavuta kuposa ena onse. Mwana alibe mlandu ngakhale pang'ono, ngakhale atakhala kuti adatenga yekha botololo, pakuti ndi iye yekha pabwalo lonse amene analibe njira yodziwira.

Tiyambe ndi mmene zimachitikira. Kukolola kukatha, fodya, soya ndi mtedza zikagulidwa, midzi ya ku Dowa ndi ku Ntchisi imadzaza ndi zinkhoswe, maukwati ndi miyambo ya ziliza. Kuseri kwa nyumba, pamthunzi, pamakhala mbiya ndi ndowa zondandalikidwa. Muno muli thobwa, umo muli masese. Zonsezo zachokera ku ufa wa chimanga ndi chimera, maonekedwe ake n'ngofanana, zivindikiro n'zofanana, ndipo chikho chotungira n'chimodzi. Mayi amene adafulula akuidziwa mbiya iliyonse, koma ali kumafuwa, akupakula nsima ya alendo. Amene watumidwa kuti akawapatse ana thobwa asiye kulira ndi mtsikana wa zaka 12 wochokera kumudzi wina, amene wafika m'mawa womwewo. Iye akutsegula ndowa yomwe ili pafupi, akutunga, akudzaza makapu. Ana ali ndi ludzu, asewera padzuwa kuyambira m'mawa, ndipo mwana wa zaka zitatu sadziwa kunena kuti thobwali likuwawa modabwitsa. Amangomwa chifukwa wamkulu wamupatsa.

Njira zina ziliponso. Kachasu ndi woyera mbee, ndipo anthu ambiri amamusunga m'mabotolo amene kale munali madzi akumwa kapena zakumwa zoziziritsa kukhosi. Botolo lotere likasiyidwa kunsi kwa bedi kapena pawindo, mwana amaona chakumwa chimene amachidziwa. Thobwa lenilenilonso silikhala chimodzimodzi masiku onse. Chimera chimasandutsa ufa kukhala shuga, n'chifukwa chake limatsekemera, koma likakhalitsa, makamaka pamalo otentha, yisiti amadya shuga uja n'kutulutsa mowa ndi mpweya. Mukaona botolo la thobwa la pamsika lafufuma mpaka kulimba gwa, potsegula n'kulira kuti psii, thovu n'kusefukira m'manja, dziwani kuti thobwalo layamba ulendo wopita ku mowa. Palinso zinthu zobwera ndi abale ochokera ku Lilongwe kapena ku Johannesburg: chokoleti chokhala ndi timadzi ta mowa m'kati, kapena keke ya ukwati imene wophika adaiwaza burande kuti isaonongeke msanga. Zolembedwa pa bokosi zili m'Chingerezi, m'tizilembo ting'onoting'ono, ndipo agogo amene alandira mphatsoyo amagawira adzukulu ndi mtima wabwino.

Wina anena kuti, nanga kamowa pang'ono kangamutani mwana? Tiyeni tiwerengere limodzi. Mowa waukali wa m'mabotolo umakhala ndi mphamvu ya pafupifupi 40 peresenti. Masipuni awiri aakulu a mowa wotere, omwe ndi mamililita 30, amakhala ndi magalamu pafupifupi 10 a mowa weniweni. Bambo wolemera makilogalamu 65 akamwa masipuni awiriwo, mowawo umamwazikana m'thupi lalikulu ndipo mwina sangamve n'komwe. Mwana wa zaka zitatu amalemera pafupifupi makilogalamu 15. Masipuni awiri omwewo m'thupi lake amafika pa mlingo woposa kanayi wa umene uli m'magazi a bambo uja, ndipo ukhoza kupyola mlingo wa magalamu 0.08 pa mamililita 100 a magazi, umene lamulo la pamsewu limati munthu wamkulu akaupyola asagwirenso chiwongolero. Kachasu ndiye ngwovuta kwambiri, chifukwa mphamvu yake siyezedwa ndipo imasiyana kuchokera pa botolo loyamba kutcheza mpaka lomaliza. Masese mphamvu yake njochepa poyerekeza ndi kachasu, koma mwana waludzu samwa masipuni, amamwa kapu yodzaza, mwinanso awiri.

Choopsa chachikulu si kudzandira kumene anthu amaseka. Chili m'chiwindi. Ubongo umadalira shuga wa m'magazi nthawi zonse, ndipo munthu akakhala kuti sanadye, chiwindi ndicho chimatulutsa shuga amene chidasunga ndi kupanga wina watsopano. Mowa umaimitsa ntchito yopanga shugayi. Munthu wamkulu ali ndi nkhokwe yokwanira yomudikiritsa, koma nkhokwe ya mwana njaing'ono ndipo imatha msanga, makamaka ngati sanadye kapena ngati ndi wonyentchera kale. Shuga akatsika, mwana amafooka, amatuluka thukuta, amagona tulo tosadzutsika, amatha kugwidwa linjirinjiri, ndipo ubongo ukhoza kuonongeka. Mowa umachititsanso kuti thupi litaye kutentha. Ife a kumapiri kuno tikudziwa mmene kumazizirira usiku wa mwezi wa Juni ndi Julayi. Mwana woledzera wogonekedwa pamkeka panja, akulu akuvina, amazizidwa mpaka m'kati. Pamwamba pa izi, mowa umachedwetsa kupuma, ndipo mwana akasanza ali chigonere chagada, masanzi amatha kulowa m'mapapo. Tsono tikamafunsa za udindo, tikufunsa za chinthu chimene chingathe kutenga moyo usiku umodzi.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

Tsopano funso lathu: mlandu ngwa yani, poti palibe amene adachita dala? Yankho silichokera kutali, lili kale pabwalo la mfumu. Mbuzi zikalowa m'dimba la mnzako n'kudya ndiwo zake, mwini mbuzi sanganene kuti sadazitume ndiye kuti nkhani yatha. Aliyense amavomereza kuti sadafune, koma amalipirabe, chifukwa ndiye anali ndi chingwe, ndiye anali ndi khola, ndiye amadziwa khalidwe la ziweto zake. Bwalo silifunsa za mumtima mwake mokha. Limafunsa kuti ndani akadatha kuletsa zimenezi mosavuta. Malamulo a boma nawonso amayenda motero. Malamulo a milandu a dziko lino amazindikira mlandu wovulaza munthu chifukwa chosasamala, ngakhale popanda cholinga choipa, ndipo amausiyanitsa ndi mlandu wochita dala popereka chilango. Choncho tikamanena kuti wofulula, wogulitsa kapena mwini phwando ali ndi udindo, sitikunena kuti ndi mfiti kapena wakupha. Tikunena kuti chingwe chinali m'manja mwake.

Kufunafuna woipa mtima kumatisocheretsa, ndipo umboni wake uli kwa anansi athu a ku Tete. Pa 9 Januwale 2015, ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa ku Mozambique, anthu ochokera kumaliro adamwa mowa wa chimanga wotchedwa pombe, ndipo anthu 75 adamwalira. Mayi amene adafulula mowawo adali m'gulu la omwalira, ndipo malipoti a nthawiyo adanena kuti panalinso mwana wamng'ono. Mphekesera idafala msanga kuti wina adathira ndulu ya ng'ona mumgolo. Akatswiri atayeza, adapeza kuti panalibe ndulu ya ng'ona: ufa umene adafululira udali woonongeka, ndipo kachilombo kotchedwa Burkholderia gladioli kadatulutsa poizoni m'menemo. Kumeneko sudali ukali wa mowa umene udapha, komabe phunziro lake likutikhudza. Pamene anthu ankaloza zala kufuna mdani, funso lothandiza lidali lina: ufawu udachokera kuti, adauona ndani, nanga mwana adapezeka bwanji pa chikho cha akulu? Ngozi zambiri za zakumwa sizikhala ndi mdani. Zimakhala ndi anthu abwinobwino amene aliyense adaganiza kuti mnzake waonetsetsa kale.

Boma lenilenilo lidatsata maganizo omwewa pa nkhani ya masacheti. Ambiri mukukumbukira timapepala ta pulasitiki ta mowa waukali timene tinkagulitsidwa motchipa zedi m'maokala ndi pamabenchi, tokongola, tina tonunkhira zipatso, tokwana m'thumba la yunifolomu ya sukulu, tooneka ngati timapaketi ta zoziziritsa kukhosi timene ana amayamwa. Opanga ankati iwo amapangira akuluakulu, ndipo ngati mwana wamwa, olakwa ndi makolo ndi ogulitsa. Dziko la Zambia lidakana yankho limeneli mu 2012 pamene lidaletsa masacheti amene kumeneko amawatcha tujilijili. Malawi adaletsa mu 2015. Makampani ena adathamangira kukhoti, koma chiletsocho chidakhazikika. Tanzania idatsatira mu 2017, chaka chomwe dziko lathu lidakhazikitsa ndondomeko ya boma yokhudza mowa. Zoona, vuto silidathe, pakuti mowa womwewo udasamukira m'timabotolo timene anthu amati midoli. Koma mfundo idamveka: amene amasankha maonekedwe, kukula ndi mtengo wa chinthu sangasambe m'manja chinthucho chikafika pakamwa pa mwana. Ngati mfundoyi njoona kwa kampani ya mumzinda, njoonanso kwa mbiya ya kuseri kwa nyumba.

Tiyeni tsono tiutsate mzere wa udindo kuyambira kumutu. Woyamba ndi wopanga kapena wofulula, chifukwa ndiye yekha amene akudziwa motsimikiza chimene chili m'kati. Kumanga kansalu kofiira pa ndowa ya masese, kapena kukana kuthira kachasu m'botolo lomwe lidakali ndi chizindikiro cha madzi akumwa, sikudya ndalama. Wachiwiri ndi wogulitsa. Lamulo la mowa la dziko lino limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, ndipo wogulitsa thobwa amene akudziwa kuti lagona masiku angapo ayenera kunena, osangolisakaniza ndi latsopano. Wachitatu ndi mwini phwando pamodzi ndi ankhoswe amene akuyendetsa mwambo, pakuti ndiwo amasankha pomwe mbiya ziikidwe ndi amene azitunga. Wachinayi ndi wobweretsa mphatso: munthu wodziwa kuwerenga Chingerezi akasiya bokosi la chokoleti cha mowa m'manja mwa agogo osawauza kanthu, udindo ngwake, si wa agogo. Kenako pamabwera wamkulu amene wapereka kapu, ndipo ntchito yake njaing'ono kwambiri, kununkhiza ndi kulawa asanapereke. Akale adati safunsa adadya phula, koma pankhani iyi wosafunsayo ndi wina, wodya phulayo ndi mwana. Mtsikana wa zaka 12 uja ali kumchira kwa mzerewu, ngakhale kuti kawirikawiri ndiye amene amakalipidwa ndi kukwapulidwa. Wolakwa ndi amene adatuma mwana kukasankha pakati pa ndowa ziwiri zofanana.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

Pali zotsutsa zimene ziyenera kuyankhidwa mwaulemu. Choyamba n'chakuti mwana ali ndi makolo, ndipo kholo ndilo liyenera kuyang'anira chimene mwana wake akudya. Izi n'zoona, ndipo kholo limene lasiya kachasu pofikira mwana m'nyumba mwake lilibe wina womuloza. Koma pa chinkhoswe, mayi wa mwanayo mwina ndi amene ali kuchitsime kapena akusonkhezera moto wa ndiwo za anthu mazana awiri. Wasiya mwana pabwalo chifukwa chokhulupirira mudzi, ndipo chikhulupiriro chimenecho ndicho chimachititsa kuti miyambo yathu itheke. Kuno kwathu mwana ndi wa mbumba yonse. Atsibweni ali ndi mawu pa sukulu yake ndi pa ukwati wake. Sizingatheke kuti mwana akhale wa tonse tsiku lolandira ulemu, n'kukhala wa mayi wake yekha tsiku la ngozi. Komanso kholo silingaone m'kati mwa mbiya imene silidafulule. Kusenzetsa kholo lokha udindo wonse ndiko kuupereka kwa munthu wodziwa zochepa, n'kumasula wodziwa zambiri.

Chotsutsa chachiwiri chimachokera kwa akuluakulu ena: "Ifetu tinkalawa masese tili ana, bwanji tili moyo?" Apa pali choonadi chimene sitiyenera kubisa. Kuchuluka kwa mowa ndiko kumanena zambiri, ndipo si dontho lililonse limene limagwetsa mwana. Ku England ndi Wales lamulo linkaletsa kugulitsa chokoleti cha mowa kwa ana osakwana zaka 16, koma mu 2015 adalichotsa, poti mowa wa m'chokoleti chimodzi ngwochepa kwambiri. Mwana amene wadya kachidutswa kamodzi ka keke ya ukwati, nthawi zambiri sizimuchita kanthu, ndipo sipafunika kusokoneza mwambo ndi mkuwo. Komabe mfundo ya akuluakuluwa ili ndi mabowo awiri. Loyamba, amene akulankhula ndi amene adapulumuka; mwana amene adagona osadzuka zaka 50 zapitazo adalembedwa m'mitima ya anthu kuti adafa ndi malungo kapena ufiti. Lachiwiri, kulawitsidwa pang'ono ndi wamkulu amene akudziwa chomwe wagwira n'kosiyana ndi kumwa kapu yodzaza popanda woletsa. Pamene palibe amene akudziwa kuti ndi mowa, palibenso amene akuyeza mlingo. Ndipo zakumwa za lero si za kale zokha: pambali pa masese pali midoli, ndiponso zosakaniza zosadziwika ngati zija za "ambuye n'tengeni" zimene zidapha akuluakulu ku Blantyre mu 2024.

Chachitatu n'chakuti kufulula ndi kugulitsa thobwa ndiwo mpamba wa amayi ambiri osauka, amene amalipirira nawo ana sukulu, ndiye kuwasenzetsa udindo n'kupondereza ofooka pamene makampani akuluakulu akuyenda mwaufulu. Dandauloli ndi lomveka, ndipo n'chifukwa chake bungwe loona za miyezo ya zinthu la Malawi Bureau of Standards, makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi amene amapereka ziphaso za mowa, pamodzi ndi apolisi, ayenera kuyambira kwa opanga ndi ogulitsa aakulu. Thobwa lokha si mdani. Ndi chakudya chabwino, chopatsa mphamvu, ndipo palibe akunena kuti ana asiye kumwa. Koma taonani chimene tikupempha kwa mayi wa thobwa: kunena kuti laphikidwa liti, kupatula la dzana ndi la lero, ndi kukana kugulitsa losasa kwa mwana wa sukulu. Zimenezi sizithetsa bizinesi, zimaimanga, chifukwa makolo amabwerera kwa wogulitsa amene amamukhulupirira. Umphawi umachepetsa zimene munthu angalipire pambuyo pa ngozi, koma suchepetsa zimene angachite ndi mphuno, lilime ndi pakamwa pake ngozi isanachitike.

Chotsutsa chachinayi ndicho champhamvu kuposa zonse. Wina anena kuti: mukalimbikira za mlandu, anthu adzaopa, ndipo woopa amabisa. Mayi amene wazindikira kuti ana amwa masese adzangowagoneka m'nyumba n'kutseka pakamwa, kudikira kuti mowa uwathere, kuopa kunyozedwa ndi kulipitsidwa. Izi zimachitikadi, ndipo n'zimene zimasandutsa kulakwitsa kukhala maliro. Yankho si kuchotsa udindo, koma kuika kulemera kwake pamalo oyenera. Kusokoneza ndowa n'kulakwa kwakung'ono. Kubisa mutazindikira n'kulakwa kwakukulu, chifukwa pamenepo mawu akuti "sindimadziwa" atha ntchito. Chifukwa chake n'chachipatala. Mwana wokomoka, wa shuga wotsika, wa linjirinjiri, amafanana kwambiri ndi mwana wodwala malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi. Dokotala kapena namwino amene sanauzidwe zoona amataya nthawi kufufuza matenda ena, pamene mawu anayi okha, "mwanayu wamwa mowa dzulo", akadamulozera njira. Tsono mudzi wanzeru umapepukitsa mlandu wa munthu amene wanena msanga n'kuthamanga ndi mwana, n'kulemeretsa wa amene adakhala chete. Anthu akadziwa kuti kuulula kumateteza, adzaulula.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

Nanga zikachitika tichite chiyani? Choyamba, chotsani chakumwacho ndipo werengani ana onse amene adamwako, pakuti kapu sikhala imodzi. Musamusanzitse mwana pomulowetsa chala kukhosi kapena pomumwetsa madzi amchere. Musamusambitse madzi ozizira, musamupatse khofi, musamuyendetse kuti mowa utsike. Zonsezi sizichotsa mowa m'magazi, ndipo madzi ozizira amangoonjezera kuzizidwa. Ngati ali maso bwinobwino ndipo akutha kumeza, mupatseni phala kapena tiyi wa shuga. Ngati akusinza kwambiri kapena wakomoka, musamuthire kanthu m'kamwa. Mugonekeni cham'mbali kuti akasanza asatsamwe, mufunditseni, ndipo nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi pa kabaza, kaya pa ngolo. Mwana wamng'ono amene wamwa kachasu kapena midoli apite kuchipatala ngakhale akuoneka bwino, chifukwa shuga amatha kutsika patapita maola angapo. Pitani ku chipatala chimene chili pafupi, kapena ku chipatala cha boma cha Dowa, cha Mponela, cha Madisi, cha Mtengowanthenga kapena cha boma cha Ntchisi. Tengani botolo kapena bokosi lija, ndipo nenani chimene wamwa, kuchuluka kwake ndi nthawi yake. Mawu akuti "msiyeni agone, mawa adzuka bwino" ndi amene tiyenera kuwaopa kwambiri.

Mwana akachira, nkhani isathere m'malere, komanso isasanduke chidani cha mabanja. A mfumu ndi eni mbumba angathe kufunsa mafunso atatu: ndani ankadziwa kuti pamalopo pali mowa, adachitapo chiyani kuti ana asaufikire, ndipo atazindikira ngoziyo adatani? Mayankho a mafunsowa amaonetsa woyenera kubweza ndalama za mayendedwe ndi za kuchipatala, woyenera kupepesa, ndi choyenera kusintha pa mwambo wotsatira. Koma tisiyanitse bwino. Munthu amene amamwetsa khanda mowa dala kuti ligone iye apite kokacheza, kapena amene amaledzeretsa mwana kuti anthu aseke kavinidwe kake, kapena wogulitsa amene amapereka midoli kwa ana a sukulu akudziwa, sadalakwitse mwangozi. Imeneyo ndi nkhanza. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 lilipo chifukwa cha zoterezi, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Nkhani zotere zipite ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, kwa alangizi oteteza ana a m'dera lanu, kapena imbani nambala yaulere ya 116. Chimodzimodzinso ngati mwana wavulala kwambiri kapena wamwalira: imeneyo si nkhani yothera pa nkhuku ya chipepeso.

Pomaliza, omvera, mfundo yonseyi imatsikira pa zinthu zing'onozing'ono zimene komiti iliyonse ya ukwati, ya maliro kapena ya chiliza ingagwirizane lero. Mowa ukhale malo akeake, kutali ndi thobwa, ndi chikho chake, ndi munthu wamkulu mmodzi wodziwika ndi dzina amene akuuyang'anira. Zakumwa za ana azitunga ndi wamkulu, ndipo alawe kaye. Kachasu asalowe m'botolo la madzi kapena la zoziziritsa kukhosi, ndipo ngati palibe botolo lina, chotsani chizindikiro, lembanipo, ikani pamwamba pomwe mwana sangafike. Wobweretsa mphatso yochokera kutali awerenge bokosi ndipo anene. Mafumu athu a ku Dowa ndi Ntchisi akhala akukhazikitsa malamulo a m'midzi pa nkhani za sukulu, za nkhalango ndi za maukwati a ana. Lamulo lakuti mwini mwambo alekanitse mowa ndi zakumwa za ana likhoza kulowa m'buku lomwelo pa msonkhano umodzi. Inu amene mukukonzekera mwambo mwezi uno, kaikeni nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana, pambali pa nkhuni, ufa ndi ndiwo, ndipo musankhe munthu wake musanabalalike.

[KANYIMBO KOTSEKERA]